Kufunsira Ntchito Yophunzitsa Chingerezi Kunja Kudzera m'Boma: Poyambira kwa Mphunzitsi wa ku Tete

Mwezi wa Okutobala ukamayandikira foni yanga siipuma. Aphunzitsi anzanga a ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furancungo ndi a m'tauni ya Tete amanditumizira chithunzi chimodzimodzi cha pa WhatsApp: akufuna aphunzitsi a Chingerezi ku Korea, nyumba yaulere, ndege yaulere. Pansi pake amalemba kuti, "Achimwene, ndiyambire pati?" Ambiri pofunsa chonchi amakhala atayamba kale, koma atayambira kumchira. Wina wajambulitsa zithunzi, wina walipira womasulira mapepala, wina wagulitsa matumba a mbatata kuti apeze ya ulendo wa ku Maputo, kenako n'kudzamva kuti pasipoti yake siloledwa n'komwe. Masitepe ali m'munsiwa atsatireni m'mene ndawandandalikira, chifukwa loyambalo ndi limene limapulumutsa ndalama.

Zoyenera kukhala nazo m'manja

- Pasipoti yochokera ku SENAMI, ofesi ya boma yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, yoti isathe ntchito mudakali kunja. Bilhete, chiphaso cha unzika, yokha sikwanira.
- Digiri, imene kuno timati licenciatura, pamodzi ndi chikalata chosonyeza maphunziro onse ndi magiredi ake. Satifiketi ya ku IFP, sukulu yophunzitsa aphunzitsi, payokha kawirikawiri sailandira.
- Certificado de registo criminal, chikalata chosonyeza kuti mulibe mlandu.
- Makalata awiri okuchitirani umboni.
- Zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL, ngati pulogalamuyo yazifuna.
- Satifiketi ya TEFL, ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina. Kumene amaifuna, kawirikawiri amati ikhale ya maola osachepera 100.
- Imelo yokhala ndi dzina lanu lenileni, osati ya dzina lopeka la ku sekondale lija.
- Laputopu, mahedifoni ndi ma SIM a makampani awiri osiyana.
- Fayilo ya pulasitiki, ndi ndalama zoika padera za ulendo wa ku Maputo.

1. Yambani ndi pasipoti yanu, osati malipiro

Pulogalamu iliyonse ya boma imalemba mayiko amene imatengako anthu. Werengani mzere umenewo musanawerenge china chilichonse.

EPIK, pulogalamu ya boma la South Korea yotenga aphunzitsi a Chingerezi, imene inayamba mu 1995, ndiyo imazunguza anthu mitu. Imatenga nzika za mayiko asanu ndi awiri: Australia, Canada, Ireland, New Zealand, South Africa, United Kingdom ndi United States, kuphatikizapo aphunzitsi a ku India pa mgwirizano wapadera. Mozambique palibe. Malawi palibenso. Kaya Chingerezi chanu n'chokoma bwanji, fomu yanu sidzawerengedwa. Ena amati, "Koma tinalowa mu Commonwealth mu 1995." Tinalowadi, koma a ku Seoul sayang'ana zimenezo. Wa kuno amene angayese EPIK ndi yekhayo amene ali ndi unzika wa limodzi mwa mayikowa, monga South Africa, ndipo wa ku South Africa naye amafunsidwa umboni woti sukulu anaphunzira m'Chingerezi.

JET, pulogalamu ya boma la Japan, inayamba mu 1987. Ambiri amapitako ngati ALT, kutanthauza wothandizira mphunzitsi wa Chingerezi wa ku Japan m'kalasi. Munthu amafunsira kudzera ku ofesi ya kazembe wa Japan m'dziko limene iye ndi nzika yake. Ku South Africa amatenga anthu chaka ndi chaka. M'mayiko amene Chingerezi si chilankhulo cha boma, malo amatseguka pokhapokha dera lina ku Japan litapempha munthu wa dzikolo. Choncho lemberani ofesi ya kazembe wa Japan ku Maputo, mufunse ngati chaka chimenecho pali malo a nzika za Mozambique. Yankho lawo ndilo lomaliza, osati la mnzanu wa pa Facebook.

Ku Hong Kong kuli NET Scheme, yoyendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona zamaphunziro. Imeneyi imayang'ana ngati Chingerezi chanu chikufanana ndi cha wobadwa nacho, komanso mapepala a uphunzitsi. Mpikisano wake ndi woopsa.

Palinso makomo awiri oyandikana nawo amene ine ndimaona kuti ndi otsegukirapo kwa ife. Unduna wa zamaphunziro wa ku Japan, MEXT, umapereka maphunziro a chaka ndi theka kwa aphunzitsi osafika zaka 35 amene aphunzitsa zaka zisanu, ndipo nawonso amafunsira ku ofesi ya kazembe. Boma la United States lili ndi mapulogalamu a Fulbright a aphunzitsi, amene amalengezedwa ndi ofesi ya kazembe wawo. Awa si maganyu a ndalama zambiri, koma mapepala ndi mafunso ake ndi omwewa.

Chenjezo: kuno kumalire pamapezeka anthu olonjeza kukupangirani pasipoti ya dziko lina. Musayerekeze. Mukagwidwa, ntchito ya kunja yapita, ya kuno yapitanso, ndende n'kukudikirani.

2. Tsimikizani kuti uthengawo ndi wa boma

Pulogalamu ya boma silipiritsa munthu kuti apereke fomu. JET silipiritsa, EPIK silipiritsa. Wina akati tumizani ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola kuti akusungireni malo, ameneyo ndi mbala. Mnzanga wina wa ku Moatize anatumiza kawiri, koyamba "ya fomu", kachiwiri "ya viza", ndipo kachitatu nambala ija inali yozima. Ankachita manyazi kunena, mpaka miyezi itatu inatha asanauze aliyense.

Tsegulani nokha tsamba la ofesi ya kazembe, musadine ulalo umene mwatumiziridwa. Nkhaniyo ikapanda kupezeka pamenepo, isiyeni.

3. Werengani masiku chobwerera m'mbuyo

M'mayiko amene JET imatenga anthu chaka chilichonse, mafomu amatsekedwa cha mu Novembala, mafunso amachitika cha mu Januwale kapena Febuluwale, ndipo osankhidwa amanyamuka kumapeto kwa Julayi kapena mu Ogasiti. EPIK imalandira aphunzitsi kawiri pa chaka, cha mu Malichi ndi cha mu Seputembala. Masiku enieni amasintha, choncho tengani a chaka chimenecho.

Lembani tsiku lotsekera pa kalendala, muchotsepo masabata awiri, ndipo tsiku latsopanolo mulitenge ngati lenileni. Novembala ndi mwezi wa mayeso kusukulu kwathu, mvula nayo imakhala itayamba, misewu ya kumidzi itaterera. Amene amadikira mwezi umenewo amapezeka akulemba kalata yofunsira ntchito usiku, mapepala a ana ali mulu patebulo.

Zotsatira za IELTS ndi TOEFL zimagwira ntchito zaka ziwiri. Wa ku Angónia ayambe wafunsa za malo olembera IELTS ku Lilongwe, chifukwa kudzera pa Calómuè ndi Dedza ndi pafupi kwambiri poyerekeza ndi Maputo.

4. Konzani mapepala, ndipo yambani ndi dzina lanu

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye ndikhalitsapo.

Yalani pa tebulo bilhete, pasipoti, digiri ndi masatifiketi onse, muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo. Ife a kumalire tili ndi vuto lathulathu. Wolemba kaundula analemba mwa Chipwitikizi, sukulu ya ku Malawi inalemba mwa Chichewa. Pepala lina likuti Mbewe, lina Mbeue. Lina Phiri, lina Piri. Lina Chikondi, lina Chicondi. Kwa ife ndi munthu mmodzi, koma kwa kalaliki wa ku Tokyo ndi anthu awiri. Tsiku lobadwa nalonso lionetsetseni. Mukapeza kusiyana, pitani ku conservatória, ofesi ya kaundula, mukafunse njira yokonzera kapena chikalata chotsimikizira kuti maina onsewo ndi anu. Zimenezi sizitha sabata imodzi. Pa fomu lembani dzina ndendende m'mene lilili mu pasipoti.

Kenako tsatirani ndondomeko iyi:

Pemphani chikalata cha magiredi ku yunivesite yanu msanga. Amene anaphunzira ku Universidade Pedagógica, nthambi ya ku Tete, akumbukire kuti kuyambira mu 2019 nthambiyi ili pansi pa Universidade Púnguè. Dzina la pa digiri yanu ndilo mulembe pa fomu.

Mapepala a Chipwitikizi amasuliridwe ndi tradutor ajuramentado, womasulira wolumbira amene ali ndi chidindo chake. Ndikudziwa kuti ndinu mphunzitsi wa Chingerezi ndipo mungamasulire nokha bwino kuposa iyeyo. Sizithandiza. Chimene akufuna ndi chidindo.

Makope atsimikiziridwe ku cartório notarial, ofesi yotsimikizira zikalata. Ngati pulogalamuyo ikufuna kuti mapepala avomerezedwe kuti agwire ntchito kunja, apite ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena ku Maputo, kenako ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupitako. M'malangizo a Chingerezi mudzaona mawu akuti apostille. Chimenecho ndi chidindo chimodzi chimene mayiko ena, monga Malawi ndi South Africa, amagwiritsa ntchito m'malo mwa maulendo onsewa. Pepala lililonse limadindidwa m'dziko limene linachokera. Ngati digiri munaitenga ku Malawi, ikadindidwe ku Malawi komweko.

Chenjezo: registo criminal musaitenge msangamsanga. Imagwira ntchito miyezi itatu yokha. Itengeni pamene aipempha, apo ayi mudzalipira kawiri.

Kuchoka ku Tete kufika ku Maputo ndi makilomita opitirira 1,500. Pa basi ndi ulendo wothyola msana, pa ndege kuchokera ku Chingodzi ndi wothyola thumba. Sonkhanitsani zonse kuti ulendo ukhale umodzi, ndipo musanyamuke musanafunse masiku ndi maola amene ofesi iliyonse imalandira anthu. Jambulani pepala lililonse pa sikana, musunge mu imelo yanu.

5. Pemphani makalata a umboni mwaulemu koma momveka

Sankhani anthu amene anakuonani mukuphunzitsa: ahedi, director pedagógico, kapena mphunzitsi wanu wa ku yunivesite. Abusa kapena amalume anu, ngakhale akhale odziwika bwanji, asiyeni. Kalata ikhale pa pepala la sukulu, yokhala ndi tsiku, siginecha ndi nambala ya foni. Auzeni kuti, "Bambo, ndikupempha mutchulemo chinthu chimodzi chimene munandiona ndikuchita m'kalasi." Kalata yongoti ndi munthu wabwino, woopa Mulungu, wosunga nthawi, imafanana ndi makalata ena chikwi. Ngati ahedi sadziwa Chingerezi, alembe m'Chipwitikizi, womasulira uja amasulire. Akanena kuti envelopu ikhale yomata, musaitsegule kuti muone zimene akuyamikirani.

6. Lembani kalata yofotokoza cholinga chanu

Ku JET kalata imeneyi ndi ya masamba awiri basi. Musapitirire. Iyankhe zinthu zitatu: chifukwa chiyani mwasankha dziko limenelo, mudzawapatsa chiyani ana a kumeneko, ndipo mukadzabwerera mudzachita nazo chiyani.

Chizolowezi chathu n'kuyamba ndi kudandaula: ndine mwana wamasiye, malipiro ndi ochepa, ndikusamala abale asanu ndi atatu. N'zoona, koma akufunafuna mphunzitsi, osati woti amuthandize. Chizolowezi china ndi cha kalembedwe ka requerimento (kalata yopempha chinthu ku ofesi ya boma), kodzaza ndi ulemu wautali, "venho mui respeitosamente", komwe kakasandutsidwa Chingerezi kamamveka kachilendo. Lowani m'nkhani molunjika. Fotokozani tsiku limodzi. Ine ndikanalemba za m'mawa wina wa mu Juni ku Angónia, kukuzizira kwadzaoneni, ana 80 m'kalasi, mabuku atatu okha, ndipo ndinawaphunzitsa mayina a mitundu, monga kufiira ndi kubiriwira, pogwiritsa ntchito zitenje za amayi ogulitsa zitumbuwa pageti. Nkhani yotereyi wowerenga amaikumbukira.

Samalani ndi mawu a Chipwitikizi ovala jekete la Chingerezi. "I pretend to teach" satanthauza kuti ndikufuna kuphunzitsa, akutanthauza kuti ndimanamizira. "Formation" si maphunziro a uphunzitsi, nenani "training". "Actually" si "actualmente". Perekani kalatayo kwa anthu awiri aiwerenge. Musakopere za pa intaneti, ndipo musalole makina akulembereni yonse, chifukwa pa intavyu adzakufunsani za chiganizo chimene inu simukuchikumbuka.

7. Konzani phunziro lachitsanzo

EPIK imafuna pulani ya phunziro pamodzi ndi fomu. Ku JET amakonda kukudzidzimutsani pa intavyu: "Ife ndife ana a zaka khumi, sitidziwa Chingerezi. Tiphunzitseni." Mphindi zake zimakhala zochepa.

Konzani timaphunziro titatu tating'ono: kudzitchula dzina ndi kumene mukuchokera, mawu osavuta monga mitundu kapena nyama, ndi mfundo imodzi ya galamala. Imirirani, mwetulirani, lankhulani pang'onopang'ono, gwiritsani ntchito manja, ndipo "anawo" muwayankhulitse. Wina mwa ofunsawo adzachita dala ngati wagona kapena sanamve. Musakwiye. Muyandikireni, mubwereze ndi chitsanzo china. Cholakwa chachikulu ndi kutembenukira ku bolodi n'kuyamba kulongosola malamulo a present perfect ngati muli ku 12ª classe. Yeserani pa ana a pakhomo panu. Akaseka n'kubwereza mawuwo, zikuyenda.

8. Tsiku la intavyu

Ikakhala ya pamaso, ku ofesi ya kazembe, fikani ku Maputo kutatsala tsiku lathunthu. Valani suti kapena zovala za ku ofesi zosachita phokoso. Nyamulani pasipoti ndi kalata yokuitanani. Ofunsa amakhala angapo, ndipo nthawi yake nthawi zambiri sipitirira theka la ola.

Ikakhala ya pa intaneti, werengerani maola bwino. Japan ndi Korea ali patsogolo pathu ndi maola 7. Akati 10:00 m'mawa nthawi ya kwawo, kuno ndi 3:00 usiku, tambala asanalire. Gulani mayunitsi a magetsi a Credelec dzulo lake, tchajani laputopu ndi foni, ikani ma megabayiti pa SIM zonse ziwiri, kuti Movitel ikafooka mulumphire pa Vodacom. Yesani malowo pa ola lomwelo kutatsala tsiku limodzi. Nyali ikhale kutsogolo kwa nkhope yanu, osati kumbuyo. A m'tauni ya Tete, fani ikhale kutali ndi maikolofoni ngakhale kutenthe motani. Mphunzitsi wina wamkazi amene ndinamuthandiza anakonza zonse bwinobwino, koma mbuzi inali itamangidwa kuseri kwa zenera, ndipo inalira kuyambira moni mpaka kutsanzikana. Anapepesa kamodzi, anaseka, napitiriza. Ofunsawo anamufunsa dzina la mbuzi m'Chinyanja.

Mafunso amene muyenera kuwayembekezera:

Chifukwa chiyani Japan, osati dziko lina? Musati chifukwa ndi dziko lolemera. Tchulani chinthu chenicheni cha masukulu awo chimene mwawerenga, monga chakuti ana amasesa okha makalasi awo, zimene ifenso timachita.

Mukatumizidwa kumudzi kozizira, kopanda munthu wina wa ku Africa? Malo sasankha ndinu. Nenani nthawi imene munakhalapo kutali ndi kwanu, monga pamene boma linakutumizani kusukulu ya ku Chifunde kapena ku Zumbo, ndi m'mene munazolowerera.

Mukasemphana maganizo ndi mphunzitsi mwini kalasi? Kumbukirani kuti ndinu wothandizira. Ngakhale mwaphunzitsa zaka khumi, yankho labwino ndi lakuti mudzakambirana naye padera, ana atatuluka.

Mudzawauza chiyani ana za dziko lanu? Apa ndiye pathu. Muli ndi Zambezi, muli ndi damu la Cahora Bassa, muli ndi nsima ndi nsomba youma ya chicoa, muli ndi Gule Wamkulu amene UNESCO inamuvomereza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Sankhani chimodzi, munene m'mene mungachisandutsire phunziro.

Mwana akakugwirani tsitsi kapena kukufunsani za khungu lanu? Akufuna kuona ngati mungayankhe modekha, mwauphunzitsi.

Chenjezo: tinaleredwa kuti pamaso pa akulu tiziyang'ana pansi ndi kutsitsa mawu. M'chipinda chimenechi ulemu wotere amauona ngati mantha. Ayang'aneni, mawu amveke. Musayese kutengera kalankhulidwe ka ku America. Ingosamalani l ndi r, kuti "rice" isamveke "lice", ndipo musawonjezere "i" kumapeto kwa mawu. Funso likapanda kumveka, pemphani abwereze. Akati muli ndi funso, funsani za ana kapena za sukulu, za malipiro zili kale m'mapepala.

9. Mukasankhidwa

Ngati ndinu wogwira ntchito m'boma, musangosowa. Malamulo a ogwira ntchito m'boma, EGFAE, ali ndi matchuthi osalipidwa monga licença registada ndi licença ilimitada. Lembani requerimento kudzera kwa ahedi ndi ku SDEJT, ofesi ya zamaphunziro ya m'dera lanu, ndipo musakwere ndege yankho lolembedwa lisanatuluke. Kontirakiti ya JET ndi ya chaka chimodzi, ndipo ingawonjezedwe mpaka zaka zisanu. Ikatha mudzafuna pobwerera.

Werengani kontirakiti yonse. Ku EPIK nyumba amapereka, ku JET lendi kawirikawiri mumalipira nokha. Malipiro oyamba amabwera patatha pafupifupi mwezi, choncho nyamulani ya chakudya ndi zofunda. Fomu ya zaumoyo idzazidwe ndi dokotala, moona. Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, funsani ku ofesi ya kazembe za malamulo olowa nawo, chifukwa ku Japan sachita nazo masewera.

Khalaninso pansi ndi a pabanja panu, mugwirizane kuti muzitumiza zingati ndi kwa ndani. Mukapanda kutero, mudzi wonse udzawerengera ndalama zanu m'meticais musanalandire n'komwe.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kufunsira EPIK ndi pasipoti ya Mozambique poganiza kuti mwina adzamva chisoni. Kompyuta simva chisoni.

Kulipira munthu wa pa WhatsApp. Ndanena kale, koma chaka chino wina alipiranso.

Kugula satifiketi ya TEFL ya masiku awiri. Onani maola ake ndi ngati pulogalamu yanu imaivomereza.

Kutumiza zithunzi za mapepala zojambula pa foni, chala chikuoneka pakona, mphasa ili kumbuyo. Pitani pa sikana, mutumize PDF, fayilo iliyonse ikhale ndi dzina lanu.

Kusiya mipata pa fomu, kapena kuiwala kusaina. Fomu yosakwanira amaiika pambali osakuuzani.

Kuwonjezera zaka za ntchito. Ahedi akaimbiridwa foni adzanena zoona.

Kuloweza mayankho ngati katekisimu. Akasintha funso pang'ono, munthu amangoti kakasi.

Kusatsegula imelo. Kalata yoitanira ku intavyu nthawi zina imagwera mu spam, ndipo amapereka masiku ochepa oti muyankhe. Kuyambira tsiku limene mwatumiza fomu, tsegulani imelo m'mawa uliwonse, spam yomwe, ngakhale zitafunika kukwera pachulu kuti netiweki igwire.